Malisiti a pa Zigwagwa

Nkhungu isanachoke pa mitengo ya paini
ndimakhala nditafika kale pa Zigwagwa,
buku la malisiti m'khwapa, cholembera pakhutu,
juzi ya khonsolo itanyowa ndi mawawa.
Sindigulitsa kanthu pano. Ine ndimatolera ya chiphaso,
ndipo palibe amene amamwetulira akaona wokhometsa.

Lachiwiri lija NyaKumwenda wa nthochi anadzambatuka,
chitenje atamanga m'chiuno ngati wokagwetsa mtengo.
"Wabwera galu wa khonsolo!
Tigulitse chiyani m'matope muno, mbava iwe yovala yunifomu?"
Zinazo anatukwana m'Chitumbuka poyesa kuti sindimva,
koma zaka khumi ndi zinayi ku Chibavi
zinanditsegula makutu kalekale.
Anyamata a kabaza anaimitsa njinga.
Wa tchipisi anasiya mbatata zikupserera.
Msika wonse unadikira pakamwa panga.

Ambuye, mukudziwa, lilime langa si la nkhosa.
Yankho linali litapsa kale:
ndimadziwa kumene mwamuna wake amagona,
dzina la mkaziyo, ngakhale utoto wa chitseko chake ku Masasa.
Mawu anayi okha, mayiyo akanagwa
ngati thumba la makala lomasuka panjinga.
Anafika apa, pakhosi, owawa ngati ndulu.
Ndinawameza.
Ndinatseka buku langa
n'kunena kuti, "Ndibweranso masana, mayi."

Musandiyese woyera mtima.
Kuseri kwa zimbudzi za msika ndinalira mokukuta mano
ndipo ndinamutukwana ndithu, chamumtima, mpaka mtundu wake wonse.
Kenaka kunabwera china choipa kuposa mkwiyo,
kamawu kotsekemera: taona mmene wapiririra,
onse aona lero kuti Mkhristu ndi iwe.
Kunyada kumadziwa kuvala bulauzi yoyera ya Umanyano
ndi kukhala pa benchi yakutsogolo.

Inu anakulavulirani kumaso,
simunatembenuke kuwerenga amene akuonerera.
Ine ndikangokhala chete pang'ono
ndimafuna mundilembere lisiti.

Lachisanu pamalo pake panalibe munthu,
lona atapinda, mwala pamwamba.
Anati mwana wake Tiyezge, wa Fomu 2,
anagona ku Sentulo masabata atatu, dzulo watisiya.
Ndalama ndinkaitambasulira dzanja ija
inali ya minibasi yokamuona.

Ndinapita ku Ching'ambo.
Ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale za anthu osawadziwa,
ndinaimba nawo usiku wonse
m'chinenero chomwe ananditukwanira chija.
Anandiona. Sanalankhule.
Mbandakucha, chisanu chitalowa m'mafupa,
anakoka ngodya ya bulangete lake
n'kufunditsa mapazi anga,
maso ali kwina.

Wabwereranso pamsika tsopano, wachepa thupi.
Dzulo anangoti, "Wabwera uja."
Galuyo sanamutchule,
koma za mawa ndani adziwa, chisoni chili ndi mano ake.
Wa tomato nayenso wayamba,
akuti nkhope yanga ndi ya ngongole,
akuti ndikadutsa malonda amathawa.
Mwina nayenso ali ndi wake ku Sentulo.
Mwina alibe, ndi pakamwa chabe.
Sindidzapita kumaliro a aliyense kuti ndimvetse,
ndipo ena adzandinyoza atakhuta, ana awo ali bwinobwino kusukulu.
Amenewo ndiwo ndikuwaopa, Ambuye,
poti sindidzapeza chowakhululukira nacho
kupatula Inu.

Sindikupempha kuti muwatseke pakamwa.
Ndipatseni kamphindi kaja kokha,
ka pakati pa khutu ndi lilime,
kokwanira kung'amba lisiti pang'onopang'ono
motsata timabowo take,
kulemba tsiku molondola,
kulipereka ndi manja awiri.

Mvula yayambanso.
Mzere wa amayi a nyemba sindinafikeko.